Barangaroo, Sydney: momwe ntchito ya nyumba zosanja za m'mbali mwa doko yayendera

Zolemba izi zikutsatira ntchito ya ku Barangaroo, m'mbali mwa doko la Sydney ku Australia, makamaka nyumba zitatu zokhalamo anthu zotchedwa One Sydney Harbour. Mapulani ake anajambula ndi a Renzo Piano Building Workshop, ndipo eni ntchito ndi a Lendlease. Yaitali kwambiri ndi ya mamita 247 ndipo ili ndi nsanjika 72, yachiwiri ndi ya mamita 230, yachitatu ndi ya mamita 104. Anthu akaona zithunzi amatengeka ndi magalasi. Koma zomwe zachititsa kuti nyumbazi zitchedwe zosamala chilengedwe zili pansi pa nthaka, ndipo zinaganiziridwa zaka zambiri nyumbazo zisanajambulidwe. N'chifukwa chake zolembazi zikhalitsa pansipo.

2003 mpaka 2009: malo

Malowa ndi mahekitala 22. Kale panali doko lotsitsirapo makontena, bwalo lathyathyathya la konkire lomwe anthu wamba sankaloledwa kupondapo. Mu 2003 boma la New South Wales, chigawo cha Australia momwe muli Sydney, linalengeza kuti ntchito yotsitsa katundu ichoka pamalopa. Mpikisano wa mapulani unatha mu 2006, ndipo anapambana ndi gulu lotsogozedwa ndi akatswiri ojambula mapulani a Hill Thalis. Dzina la Barangaroo ndi la mayi wa mtundu wa Cammeraygal, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku Australia, mkazi wa Bennelong, yemwe anakhala m'dera la dokoli pomwe Angerezi ankafika. Mu Disembala 2009 boma linasankha a Lendlease kuti amange chigawo chakumwera.

Malowa anagawidwa patatu: kumpoto paki, pakati malo odikira mapulani, kumwera maofesi ndi nyumba zokhalamo. Chigawo chonse chakumwera chinagwera m'manja mwa womanga mmodzi. Mfundo imeneyi ndiyo inatheketsa zonse zomwe zikubwera m'munsimu, chifukwa makina oziziritsa nyumba zambiri nthawi imodzi sungawamange pamene puloti iliyonse ili ndi mwini wake amene akuthamangira zake.

2009 kupita m'tsogolo: phula la m'nthaka

Kuyambira 1841 mpaka 1921 panali fakitale ya gasi wopangidwa kuchokera ku malasha, ya kampani ya Australian Gas Light Company, pamalo pomwe tsopano pali msewu wa Hickson Road ndi mbali ina ya Barangaroo. Fakitale inagwetsedwa, koma matanki ake apansi ndi phula la malasha zinangokwiriridwa. Mu 2009 bungwe loona zachilengedwe m'bomalo linalengeza kuti malowa ayenera kuyeretsedwa.

Phula lotere ndi lolemera kuposa madzi, choncho limamira, n'kutsata ming'alu ya thanthwe. Likafukulidwa limatulutsa fungo loipa ndi mpweya wapoizoni wa benzene ndi naphthalene. Kukumba kunachitikira mkati mwa matenti akuluakulu, momwe mafani amakoka mpweya kuti wakunja uzilowa koma wamkati usatuluke popanda kudutsa m'masefa a makala. Vuto lodziwika pa ntchito zotere ndi pakhomo la tenti: lole ikamatuluka, chitseko chikakhala chotsegula nthawi yaitali, fungo limafika kwa oyandikana nawo. Amamanga zitseko ziwiri zotsatizana, chimodzi chitseguke china chitatsekedwa, ndipo matayala amatsukidwa lole isanalowe mumsewu. Ntchito yoyeretsayi inatenga zaka, ndipo nyumba za One Sydney Harbour sizikanayamba kukwera isanathe mbali yawo.

2011 mpaka 2014: khoma lotchinga madzi

Pansi pa bwalo la doko panali dothi ndi zibuma zothiridwa ndi anthu, kenako matope a m'nyanja, kenako thanthwe lotchedwa Hawkesbury sandstone. Thanthweli ndi labwino kuikapo maziko, koma zomwe zili pamwamba pake n'zodzaza madzi amchere. Chipinda chapansi chisanakumbidwe, malo onse anazunguliridwa ndi khoma la konkire lomangidwira m'nthaka momwemo, lomwe mainjiniya amalitcha diaphragm wall.

Kamangidwe kake n'kotere. Amakumba ngalande yopapatiza, m'lifupi mwake masentimita 80 mpaka 120, chigawo chimodzi pa nthawi, kutsika mpaka kulowa m'thanthwe. Pokumba, dzenjelo limakhala lodzaza ndi madzi osakaniza ndi dongo la bentonite, omwe amakankha mbali za dzenje kuti zisagumukire mkati. Madzi adongowa ayenera kukhala pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi kapena kuposerapo nthawi zonse. Pafupi ndi doko pamenepa ndi pamene pamavuta. Madzi a m'nthaka amakwera ndi kutsika limodzi ndi nyanja kawiri pa tsiku, ndipo ku Sydney kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 2 pa masiku omwe nyanja yakwera kwambiri. Woyeza m'mawa yekha akhoza kupeza zonse zili bwino, madzulo dzenje n'kugumuka. Mchere nawo umachititsa bentonite kuundana n'kumira, ndiye amayenera kuyezedwa kulemera ndi kulimba kwake kangapo pa tsiku. Pomwe pali zibuma zakale zokhala ndi mipata, madzi adongo amatha kuthawira m'mipatamo mwadzidzidzi, choncho thanki yodzaza imakhala yokonzeka pambali.

Dzenje likafika pothera, amatsitsamo chimango cha zitsulo chomangidwiratu, kenako konkire imalowa kudzera m'paipi yofika pansi penipeni, n'kumakankhira madzi adongo m'mwamba. Kamwa ya paipiyo iyenera kukhala yomira m'konkire ndi mamita 2 kapena 3 mpaka kumaliza. Ikangotuluka, dongo limatsekeredwa mkati mwa khoma, ndipo pamenepo padzadontha madzi moyo wonse wa nyumbayo. Malo ena odontha ndi polumikizana zigawo ziwiri, n'chifukwa chake amaikapo lamba wa labala kapena pulasitiki wolowa mbali zonse ziwiri.

Madzi akatchingidwa m'mbali amatsala apansi. Mita iliyonse yakuya pansi pa madzi imakankhira chipinda m'mwamba ndi mphamvu ya tani imodzi pa sikweya mita. Chipinda chomira mamita 10 chimakankhidwa ndi matani 10 pa sikweya mita iliyonse. Pansi pa nyumba yaitali palibe nkhawa, kulemera kwake n'kokwanira. Nkhawa ili pansi pa misewu ndi mabwalo, pomwe pamwamba palibe cholemera, komanso nthawi yomanga nyumba isanakwere. Pamenepo silabu imamangiriridwa kuthanthwe ndi zitsulo zokhomedwa m'mabowo odzazidwa ndi simenti, apo ayi madzi apansi pa silabu amapopedwa kosalekeza.

Mu Malichi 2014 moto unabuka m'chipinda chapansi cha chigawo chakumwera ntchito ili mkati, ndipo anthu ogwira ntchito anasamutsidwa pamalopo. Matabwa ndi mapulasitiki oumbira konkire akaunjikana pansi pomwe utsi ulibe potulukira, moto wake ndi wovuta kuufikira.

Msinkhu wa pansi

Mu 2009 boma la New South Wales linaika muyeso woti omanga aziyembekezera nyanja kukwera masentimita 40 pofika 2050 ndi masentimita 90 pofika 2100, poyerekeza ndi 1990. Boma linasiya kukakamiza muyesowu mu 2012, koma mapulani a Barangaroo anali atauganizira kale, ndipo pansi panakwezedwa. Kukweza bwalo n'kosavuta. Chovuta ndi mabowo onse olowera pansi: njira ya magalimoto, makwerero, zikepe, timabowo ta mpweya, mapaipi otaya madzi amvula. Bowo limodzi lotsika limafafaniza ntchito yonse. Njira ya magalimoto iyenera kuyamba yakwera kaye isanatsike, ndipo mapaipi otayira m'doko amaikidwa mavavu olola madzi kutuluka okha, chifukwa nyanja ikakwera imabwerera m'mapaipi momwemo.

2015 mpaka 2016: makina oziziritsa ndi madzi a m'doko

Maofesi atatu a International Towers, ojambulidwa ndi a Rogers Stirk Harbour + Partners, anatha m'zaka ziwirizi, ndipo makina apakati oziziritsa anayamba kugwira ntchito. Ichi ndicho chinthu chamtengo wapatali pa ntchito yonseyi.

Nyumba yaitali yawamba imataya kutentha kwake kudzera m'makina apadenga omwe amasandutsa madzi kukhala nthunzi. Pa kilowati awala iliyonse ya kutentha kotayidwa pamapita madzi osachepera lita imodzi ndi theka, ndipo makinawo akapanda kusamalidwa amaswa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Ku Barangaroo kutentha kumatayidwa m'doko. Makina ali m'chipinda chapansi, amapanga madzi ozizira n'kuwatumiza m'mapaipi kunyumba za m'chigawochi, ndipo kutentha kobwerera kumatengedwa ndi madzi a m'doko omwe amapopedwa n'kubwezedwa. Eni ntchito amawerengera kuti njirayi imapulumutsa madzi okwana malita 100 miliyoni pa chaka. Madenga nawo anamasuka, n'kulandira masola okwana masikweya mita pafupifupi 6,000.

Masamu ake ndi achidule. Lita imodzi pa sekondi, ikatenthedwa ndi madigiri 5, imanyamula makilowati pafupifupi 21. Megawati imodzi imafuna malita 48 pa sekondi. Mukafuna kuti madzi abwerere m'doko atatenthedwa pang'ono chabe, pofuna kuteteza zamoyo za m'madzi, muyenera kupopa ambiri, ndipo mapampu amadya magetsi ochuluka. Potulukira payenera kutalikirana ndi polowera, kupanda kutero makina amayamwanso madzi omwe angowatenthetsa.

Mdani wamkulu wa makina otere ndi zamoyo. Nkhono za m'nyanja zimalowa zili timbewu tosaoneka ndi maso, zimadutsa sefa, zimamatirira mkati mwa paipi n'kukula. Paipi imachepa, madzi amayenda movutika, ndipo zigoba zikathothoka zimakatseka mipata ya makina osinthanitsa kutentha. Masefa amaikidwa motsatizana, oyamba ogwira zinyalala zikuluzikulu, omaliza odzitsuka okha. Madzi asaime m'paipi, chifukwa oima ndiwo amalola nkhono kumera. Mbali zokhudzana ndi madzi amchere zimakhala za titanium kapena pulasitiki yolimba, popeza chitsulo chosachita dzimbiri chawamba chimabooka m'madzi amchere ofunda. Ndipo njira zolowera madzi zimakhala zingapo, kuti imodzi itsekedwe n'kutsukidwa zina zikugwira ntchito.

M'chipinda chomwecho muli makina oyeretsa madzi akuda, otha kutulutsa malita okwana 1 miliyoni pa tsiku, ogwiritsidwa ntchito m'zimbudzi ndi pothirira. Mapaipi a madziwa ku Australia amakhala ofiirira ngati maluwa a jakaranda, kuti pulambala asawalumikize kumpopi wakumwa. Nyumba isanaperekedwe, amatseka mzere umodzi n'kutsegula mipopi yonse chipinda ndi chipinda, kuona ngati pali potuluka madzi posayenera.

2014 mpaka 2020: malamulo anasintha mapulani ali patebulo

Mu Novembala 2014 moto unakwera khoma la nyumba ya Lacrosse ku Melbourne kudzera m'malata a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki pakati. Mu Juni 2017 kunachitika ngozi ya Grenfell Tower ku London, momwe munafa anthu 72. Mu Ogasiti 2018 New South Wales inaletsa malata otere ngati pulasitiki ya polyethylene yapitirira 30 peresenti. Mu Disembala chaka chomwecho anthu anasamutsidwa m'nyumba ya Opal Tower ku Sydney itachita ming'alu, ndipo mu Juni 2019 zinachitikanso ku Mascot Towers. Zotsatira zake ndi lamulo la 2020 lotchedwa Design and Building Practitioners Act: mapulani a zinthu monga mafupa a nyumba, zoteteza moto ndi zotchinga madzi ayenera kusainidwa ndi katswiri wolembetsedwa ntchito isanayambe, ndipo kusintha kulikonse kumasainidwanso. Lamuloli limachedwetsa ntchito, koma n'loyenera. Nyumba zambiri zodontha zinadontha chifukwa wina anasintha chinthu pamalo omangira popanda wojambula kudziwa.

2018 mpaka 2019: mtengo wa zenera

Mu Disembala 2018 khoti lalikulu la New South Wales linagamula mokomera a Lendlease ndi kampani ya mahotela ya Crown pa mkangano wa kutalika kwa nyumba zodzamangidwa m'chigawo chapakati, zomwe zikanatchinga maso kuona mlatho wa Harbour Bridge ndi nyumba ya zisudzo ya Opera House. Mu Okutobala 2019 nsanjika zitatu zapamwamba za nyumba yaitali ya One Sydney Harbour zinagulidwa pa madola a ku Australia 140 miliyoni, isanamangidwe n'komwe. Ziwirizi zikusonyeza chomwe wogula akulipirira, ndipo wojambula aliyense amadziwa kuti khoma lililonse lotchinga doko ndi ndalama yotayika. Kumeneko n'kumene kumachokera magalasi oyambira pansi kufika kudenga.

Mbali ina ya nkhaniyi siyenera kubisika. Kuyambira 2014 boma linagulitsa nyumba zake za anthu opeza zochepa ku Millers Point, pamtunda pomwepo, ndipo mabanja omwe anakhalamo mibadwo ingapo anasamutsidwa. Hotela ya Crown Sydney, ya mamita 271, yomwe inatsegulidwa mu Disembala 2020, inaima m'mphepete mwa madzi pamalo omwe mapulani oyamba anasungira paki. Nyumba za ogwira ntchito wamba m'chigawo chakumwera n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zodulazo.

Mu Disembala 2019 Barangaroo inakhala dera loyamba lamumzinda ku Australia kulandira satifiketi ya boma la Australia ya Climate Active yoti mpweya wake wa kaboni wafafanizidwa. Tanthauzo lake limveke bwino: masola apadenga sakwanira ngakhale pang'ono kuyendetsa nyumba zazitali chonchi. Chotsalacho chimakwaniritsidwa pogula magetsi ongowonjezeka opangidwa kwina ndi kulipira ntchito zochotsa kaboni.

2020 mpaka 2023: konkire ikukwera

Tani imodzi ya simenti wamba imatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi makilogalamu 800 mpaka 900 popangidwa. Chigawo chakumwera chinadziikira cholinga chochepetsa kaboni wa zipangizo zomangira ndi 20 peresenti, ndipo njira yaikulu pa ntchito zotere ndi kuchotsa gawo la simenti n'kuikapo phulusa la malasha kapena slag, zotsalira za kufakitale ya zitsulo. M'maziko zimenezi zimathandiza pawiri. Konkire yokhuthala mamita angapo imatentha mkati pouma, ndipo mkati ndi kunja zikasiyana ndi madigiri oposa 20 imang'aluka. Slag amachepetsa kutenthako, komanso amatseka timipata tomwe mchere umadzera.

M'nsanjika zam'mwamba nkhani imatembenuka. Masilabu amalimbitsidwa ndi zingwe zachitsulo zokokedwa konkire itauma, ndipo kukoka komaliza kumadikira kulimba kwa konkire kufike pa 22 MPa (muyeso wa mphamvu yomwe konkire ingapirire). Kontilakitala amafuna nsanjika imodzi pa masiku 4 kapena 5. Slag wambiri amachedwetsa kulimba, makamaka m'nyengo yozizira, choncho m'mwambamu simenti imachotsedwa pang'ono chabe. Kukoka zingwe msanga kumaphwanya konkire pomwe pali nangula wa chingwe.

Za mchere, muyeso wa konkire wa ku Australia wotchedwa AS 3600 ndi womveka: konkire yomenyedwa ndi mafunde, yonyowa ndi kuuma mosinthana, ikhale ya 50 MPa ndipo ikute zitsulo ndi mamilimita 65. Malo amenewa amadyeka msanga kuposa omira nthawi zonse, chifukwa dzimbiri limafuna mchere ndi mpweya pamodzi. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kusomphola konkire. Zitsulo zoonekera kunja zikhale zosachita dzimbiri za mtundu wa 316, zosalala bwino ndi zotsukidwa ndi madzi abwino. Za 304 zimachita mawanga ofiira m'miyezi yochepa.

Nyumba ya mamita oposa 200 imafupika pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwake, ndipo mizati ya m'mbali imafupika kuposa khoma lapakati lozungulira zikepe. Kusiyanaku kumafika masentimita angapo m'nsanjika zapamwamba. Amaumba mizati motalikirapo mwadala, ndipo mapaipi oimirira ndi mafelemu a magalasi amapatsidwa polowera. Madzi akumwa nawo sangakwere ndi paipi imodzi: mamita 247 ndi mphamvu yoposa 2,400 kPa (muyeso wa kukankha kwa madzi) pansi, pomwe mpopi suloledwa kupitirira 500 kPa. Nyumba imagawidwa m'magawo, lililonse ndi mavavu ake ochepetsa mphamvu.

Mphepo

Pamadzi palibe chotchinga. Sydney imalandira mphepo ya kumpoto chakum'mawa m'chilimwe, ya kumadzulo m'nyengo yozizira, ndi mkuntho wadzidzidzi wa kumwera womwe eni ake amautcha southerly buster. Chifanizo cha nyumba, kawirikawiri chochepetsedwa ka 400, chimayezedwa m'ngalande ya mphepo pamodzi ndi nyumba zonse zoyandikana nazo. Kulimba kwa nyumba si komwe kumavuta, koma kugwedezeka komwe munthu wogona pa nsanjika ya 70 angakumve, ndipo muyeso wa nyumba zogonamo ndi wokhwima kuposa wa maofesi. Pansi, mphepo yomenya khoma imatsika n'kuthamanga m'makona. Pamalo okhalapo anthu isapitirire mamita 4 pa sekondi nthawi zambiri, poyenda mamita 8. Madenga otulukira kunja ndi mitengo ndizo zimaithyola. Makonde a m'mwamba amatchingidwa ndi magalasi otseguka, chifukwa khonde lapoyera pamtunda wotere silikhalika.

2022 mpaka 2024: magalasi

Renzo Piano anafuna nyumba zooneka ngati miyala yonyezimira, zokhala ndi galasi loyera lopanda ubiriwiri, lotulukira kupitirira makona ndi denga. N'zokongola ndithu. Koma Barangaroo inayang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa lamadzulo limalowa mopingasa, lina n'kunyezimira kuchokera pamadzi. Kadenga kapamwamba pa zenera kamathandiza kumpoto, komwe dzuwa limadzera m'mwamba, koma kumadzulo sikatchinga kanthu. Galasi loimirira limatha kulandira mawati 700 kapena 800 pa sikweya mita. Ngakhale galasi lapawiri lopakidwa zobweza kutentha zotchedwa low-e, lolowetsa gawo limodzi mwa magawo anayi a kutenthako, limalowetsa mawati pafupifupi 200. Zenera la masikweya mita 10 ndi makilowati 2, ngati ketulo yamagetsi yoyaka pabalaza masana onse. Makina apansi aja amachotsa kutenthaku mosawononga madzi, koma kukanakhala bwino kukanapanda kulowa. Khoma lotsekedwa kufika m'chiuno likanachepetsa katunduyu kwambiri, ndipo wokhala pampando akanaonabe doko.

Magalasi amabwera m'mafelemu omalizidwa kufakitale, n'kukolekedwa nsanjika ndi nsanjika. Asanayambe kupanga ambiri, chigawo chimodzi chimamangidwa pabwalo loyesera, n'kupoperedwa madzi uku mpweya ukukoka mkati, kenako n'kugwedezedwa monga momwe nyumba idzagwedezekere. Podontha kawirikawiri ndi pamphambano ya mafelemu anayi. Galasi lolimbitsidwa ndi moto limatha kusweka lokha patapita zaka chifukwa cha kanjere ka nickel sulphide kofufuma mkati mwake. Pofuna kupewa izi amaliika mu uvuni wa madigiri 260 mpaka 290 kwa maola awiri, kuti loti lisweke liswekere komweko. Pamwamba pa njira za anthu pamaikidwa galasi lomatidwa pawiri, lomwe likasweka silithothoka.

Pomwe ntchito yafika

Anthu anayamba kulowa m'nyumba yaitali mu 2024. Siteshoni ya sitima zapansi ya Barangaroo inatsegulidwa mu Ogasiti chaka chomwecho. Pokumba siteshoniyi mu 2018 anapeza bwato lamatabwa la m'zaka za m'ma 1830. Pansi pa njira yamatabwa ya ku Watermans Cove, kagombe ka ku Barangaroo komweko, anaika matailosi a konkire mazanamazana okhala ndi mapanga, kuti ndere, nkhono ndi tinsomba zipeze pokhala pomwe pakanakhala khoma losalala. Chigawo chapakati chinali chisanamangidwe pofika 2024.

Choyenera kutsatidwa tsopano ndi mamita oyezera a m'zipinda: madzi ozizira omwe nyumba zoyang'ana kumadzulo zikukoka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, poyerekeza ndi zomwe kompyuta inalosera pojambula. Zinanso ndi kuchuluka kwa nthawi zotsuka masefa a madzi a m'doko, madzi odontha polumikizana zigawo za khoma lapansi, ndi labala wa m'mafelemu a magalasi a kumadzulo, yemwe dzuwa ndi mchere zimamuumitsa msanga kuposa wa mbali zina.